Ndinapereka mawu a agogo kwa opanga jogo ya mfuti

Inu owerenga, ine ndinalakwira munthu amene anandilera, ndipo ndinamulakwira ndi foni ya m'thumba mwangamu. Sindinabe, sindinamenye munthu. Ndinangopereka chinthu chomwe sichinali changa, ndipo mpaka lero ndikulephera kuchibweza.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe shikola. Ndinakulira m'manja mwa agogo, mayi a bambo anga, ku Chipanga, mpaka pomwe mgodi wa malasha unatisamutsira ku Cateme. Ndinali mwana wachete, wongoyang'ana, ndipo agogonso sanali olankhulalankhula. Ndinkadziwa kuti nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi kudzera pa Zóbuè, n'kubwerera mtendere utadza, basi. Za mayi anga ankangoti kwawo n'kufupi ndi Zóbuè komweko, ndipo tsiku lina adzandiuza mudzi wake ndi mayina a amalume anga. Tsikulo ndinalidikira ubwana wanga wonse.

Nditakula ndinapeza ntchito yokonza mafoni mu Moatize. Kumeneko ndinadziwana ndi Felisberto, yemwe pamodzi ndi anzake atatu ankapanga masewera a pa kompyuta ndi pa foni, omwe kuno timati jogo. Yawoyo inali ya nkhondo. Wosewera saona nkhope yake, amangoona manja ndi mfuti patsogolo pake, n'kumayenda akuwombera. Felisberto ankati anatopa ndi majogo a mizinda yakunja, akufuna wosewera aone misewu yathu, fumbi lathu, amve chinenero chathu. Anandipempha kuti ndiziwajambulira mapiri a ku Zóbuè, nyumba zogumuka, ngakhale kulira kwa njiwa ndi kwa magalimoto a malasha. Ndinakondwa. Kanali koyamba kuti munthu afune zomwe maso anga amaona.

Chaka chimenecho agogo anayamba kudwaladwala. Loweruka lina nditapita ku Cateme anandiuza kuti nditulutse foni ija ndisunge mawu awo, chifukwa mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Anandiuza zomwe sindinamvepo. Bambo anga anali ndi mlongo wawo, Malita, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lothawa, mfuti zitayamba kulira pamsewu, mwanayo anapulumuka m'dzanja lawo n'kuthamangira m'chimanga. Sanapezekenso. Popeza panalibe mtembo, panalibe maliro, ndipo agogo analeka kutchula dzinalo, poti munthu wopanda manda ukamuitana umamudzutsa alibe kofikira. Koma tsikulo, pofotokoza, anaiwala kuti ali pakhonde. Anaitana katatu monga anaitanira pamsewu paja: "Malita, bwerera kuno." Kenako anatopa, nati za mayi anga andiuza ulendo wotsatira.

Lolemba ndinamuyatsira Felisberto mawu aja kuti amve. Sindikudziwa chomwe ndinkafuna, mwina kungoti aone kuti nanenso ndili ndi kanthu. Atamva anati, "Mano, m'bale wanga, mawu awa palibe wochita sewero angawatulutse. Tibwereke kachidutswa kokha." Ndinadziwa kuti ndikafunsa agogo akana. N'chifukwa chake sindinafunse. Ndinatumiza.

Anawaika pagawo lomwe wosewera amadutsa m'munda wa chimanga, anthu akuthawa. Jogoyo inali isanathe, anangoipereka kwa anthu ochepa kuti ayese ngati ikuyenda bwino. Koma mukudziwa mmene zinthu zimayendera kuno, wina amapatsira mnzake, mnzakeyo amapatsira mlamu wake. Posapita miyezi iwiri inafika ku Cateme.

Linali Lamlungu masana. Agogo ankasenda mtedza pakhonde, ine ndikukonza chitseko. A Dinisi, oyandikana nafe omwe amayendetsa galimoto ya malasha, anakhala pamthunzi ndi foni yawo akusewera jogo ija, mfuti zikulira. Mwadzidzidzi dzina lija linamveka. A Dinisi anaphedwa mu jogomo, nayambiranso gawolo, dzina linamvekanso. Anaphedwanso, akuseka, n'kunena kuti gogo wa m'munomu akuwasokoneza. Dzina linamveka kachitatu.

Agogo anaimirira, mtedza unamwazika. Anayenda mpaka kumapeto kwa bwalo akuyang'ana kumunda, ngati munthu woyembekezera mlendo. Atatembenuka anayang'ana foni ya a Dinisi, kenako ine. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinauza iwe, mdzukulu wanga. Sindinauze mfuti."

Ndinathamangira kwa Felisberto. Si munthu woipa, anapepesa ndipo anachotsa mawuwo tsiku lomwelo. Koma anandiuza zoona, kuti zomwe zili kale m'mafoni a anthu iye sangazifikire. Ndinayenda khomo ndi khomo ku Cateme kupempha anthu afufute. Ena anafufuta, ena anandiseka. Agogo analeka kukhala pakhonde. Ankati mwana wawo akuitanidwa ndi anthu osamudziwa tsiku lonse, ndipo akabwera apeza ndani.

Anapitiriza kundiphikira, kundifunsa za ntchito. Patapita nthawi ndinalimba mtima n'kuwakumbutsa za mudzi wa mayi anga. Anandifunsa modekha kuti, "Ukapereke kwa yani?" Ndinafunsanso kawiri miyezi yotsatira, koma mudziwo sanandiuze. Mvula itayamba mutu wawo unatayiratu zinthu, ndipo anamwalira chimanga chisanache.

Ndakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita ku Zóbuè kangapo, kufunsa m'misika ndi m'matchalitchi, ndili ndi dzina loyamba lokha la mayi anga. Anthu amandimvera chisoni, n'kundilozera mudzi wina, kumeneko n'kundilozeranso wina. Ndatopa, ndipo sindikudziwa ngati ndidzapitenso.

Jogo ija akuti ituluka posachedwa, yokongola, mapiri anga ali momwemo. Felisberto anafuna kulemba dzina langa pamndandanda wa othandiza, ndinakana. Ine ndikadali pa tebulo langa lokonzera mafoni, ndipo nthawi zina m'foni ya kasitomala ndimapezamo yakale ija. Ndimafufuta osamuuza.

Inu amene mukupanga zinthu zoterezi, pangani, ntchito yanu ndi yabwino. Koma nkhondo imene kwa inu ndi gawo loyambiranso ukaphedwa, alipo anthu m'makomo mwathu omwe sanaimalize. Ndipo inu anzanga oyenda ndi foni, wamkulu akakuuzani kanthu, wauza inuyo. Musanatumize, kafunseni. Mukaona kuti mukuopa kufunsa, dziwani kuti yankho mwalidziwa kale.

Mawu a agogo ndikadali nawo. Sindimvetsera pomwe akuitana, ndimadumphira kumapeto, pomwe akupuma movutikira n'kunena kuti, "Zimitsa tsopano. Za mayi ako ndikuuza ukabweranso."