A Mapolo ndi Mawaya a Miseche

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso cha kuntchito. Anthu anawadziwa ali pamwamba pa mapolo, lamba m'chiuno, pulayala pakamwa, akukonza mawaya a telefoni, ndiye anangowatcha a Mapolo. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankati, "Inu a Mapolo, tatsikani timvane."

Mdani wawo wamkulu sanali mvula kapena akuba. Anali mawu odumpha. Ankati mawaya akayenda moyandikana mtunda wautali amayamba miseche ngati anthu: zimene zikudutsa mwa uyu, mnzakeyo amatolako ngakhale sanakhudzane. Ankalalikira zimenezi paliponse, ngakhale pa chakudya.

"Mawu ali ndi mayendedwe awiri," ankatero, atanyamula masipuni awiri. "Abwino ndi akuti mphamvu ipite ndi waya uyu nkubwerera ndi mnzakeyu. Zikatero apafupi samva kanthu. Oipa ndi akuti onse awiri akankhire mbali imodzi. Pamenepo chinsinsi chatayika basi."

Mankhwala ake, ankati, nkupota mawaya awiriawiri ngati chingwe, kapena kuwasinthanitsa malo pa polo. Ana ankangovomera ndi mutu, maso ali m'mbale.

Chaka china anatumidwa ku nyumba ina yosanja. Pansi panali wogulitsa mankhwala, mbeta yamphongo yamanyazi. Pamwamba penipeni pankakhala mayi wamasiye, telala. Wodandaula anali loya wa pakati, amene anatopa kumva miyezo ya m'chiuno mwa anthu ali mkati mokamba milandu pafoni. A Mapolo atatsegula bokosi la pakhoma anagwira pakamwa. Munthu wina waudongo anali atamasula mawaya onse nkuwagoneka mowongoka bwinobwino, kuchokera pansi mpaka padenga. Anavula jekete. Anapota, analumikiza, anayesa, mpaka layini iliyonse inangoti zii. Kunyumba anabwerera akuimba mluzu.

M'mawa mwake telala uja anatulukira ku ofesi ya a Mapolo, tepi ili m'khosi.

"Ndinu mwaononga foni yanga?"

"Ndakonza, mayi."

"Mwakonza chiyani? Ndikanyamula sindikumvamo munthu."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Masana aliwonse mayiyo ankanyamula foni nkudina nambala imodzi kuti kulira kwa m'foni kuleke. Wogulitsa mankhwala nayenso ankatero pansipo. Ndiye ankacheza kudzera m'miseche ya mawaya ija, mawu akumveka chapatali ngati ochokera m'chitsime, za mitengo ya ulusi, za chifuwa cha ana a eni. Zinayenda choncho kwa zaka.

"Nanga osangoimbirana bwanji?" anafunsa a Mapolo. "Nambala yawo ili pa chikwangwani."

Mayiyo anawayang'ana ngati atukwana. "Bambo, kuimbirana ndiye kuti tikufunana. Ife zathuzi zinali ngozi chabe. Kabwezeretseni ngoziyo."

A Mapolo anakana. Anati chiyambire ntchito sanaonongepo layini mwadala, ndipo sayambira pa munthu wamkulu ngati mayiyo. Mayiyo anachoka osatsazika. Madzulo a Mapolo atawafotokozera akazi awo, poganiza kuti awayamikira, anangomva kuti, "Mawaya mumawadziwa, bambo, koma anthu ayi."

Wogulitsa mankhwala anapirira mpaka zinamukanika. Tsiku lina anatseka shopu dzuwa lili pamutu, nakwera masitepe atanyamula buluku limene linalibe vuto lililonse. Chaka chisanathe anakwatirana. Loya anasamukira kwina, poti tsopano phokoso linkabwera kudzera m'denga.

Kenako kunabwera mafoni a m'manja. Mawaya anayamba kulendewera opanda wowafunsa, ndipo kampani inawapumitsa a Mapolo ndi mawu okoma ndi wotchi ya pakhoma. Masiku ano amakhala pakhonde, mawondo akuwawa, nkumamva anthu odutsa mumsewu akukuwa zinsinsi zawo pafoni: wakuti ali ndi mimba, wakuti wathawa mkazi. Moyo wawo wonse anatetezera anthu amenewa kuti asamvedwe. Amangopukusa mutu.

Mlendo wawo wa kawirikawiri ndi wogulitsa mankhwala uja, amene tsopano ali ndi dazi ndi ana. Akakangana kunyumba amabwera, nakhala pa mpando wa pulasitiki, nausa moyo.

"Achimwene, mayi aja mawu awo ankakoma ali patali. Mukanangosiya mawaya aja mmene analili, bwenzi ine ndili pa mtendere."

"Masitepe ndinakukwezani ndine?"

"Munanditsekera njira ina yonse."

Amakangana choncho mpaka tiyi atazizira. Kenako foni ya mlendoyo imalira m'thumba, iye nkudzambatuka, nkuyankha ndi mawu ofewa ngati a mwana wa sukulu: "Ndili m'njira, mayi. Ndikugulireni chiyani?"