Odi Wopanda Woyankha

Za ulendo wanga wa ku Mangalande akuluakulu ndiwo anagwirizana, ine ndinangouzidwa. Zotsatira za Folomu 4 zitatuluka, azakhali anga, amene ndi namwino ku Wolverhampton, anaimba foni nati mutu ngati wangawu suyenera kuwolera ku Mchinji. Analonjeza kundipezera malo pa koleji ina ku Birmingham ndi kulipira okha fizi. Mayi anavomera foni ikadali kukhutu. Ine ndinali kuseri ndikusenda mbatata, ndipo nditamva ndinasangalala ndithu, sindinganame.

Kusekondale ndinali mwana womvera. Pasukulu yathu yogonera pompo, belu ndilo linkatiganizira: lotidzutsa, lotidyetsa, lotilowetsa m'kalasi, lotigoneka. Aphunzitsi ankalemba pabolodi, ife n'kukopera, n'kuloweza, n'kukhoza. Ku ofesi ya aphunzitsi munthu sankapita yekha. Ukamva kuti akukufuna kumeneko, unkayamba wafufuza mumtima kuti walakwanji.

Ku koleji, ku Aston, ndinakapeza kulibe belu. Kalasi ikatha aliyense ankanyamula chikwama n'kumwazika, ndipo masiku ena tinkangophunzira m'mawa, tsiku lonselo n'kukhala lako. Ine ndinkayesa kuti n'chifundo cha azungu. Aphunzitsi athu, mayi ena aimvi, ankafuna tiziwatchula dzina lawo loyamba, lilime langa n'kumakana. Pabolodi sankalembapo kanthu. Ankangoyankhula, kenako n'kutifunsa maganizo athu. Anzanga ankawatsutsa maso ali gwa, iwo n'kumasekerera. Ine ndinkakhala kumbuyo, cholembera chili m'manja, kudikira kuti atipatse manotsi, mpaka teremu inatha ndikudikirabe. Lero ndikakumbukira ndimafuna kudziseka, koma kuseka kwake sikubwera.

Asayimenti yoyamba inabwera ndi malikisi ochititsa manyazi. Pansi pake aphunzitsiwo analembapo kuti chitseko chawo n'chotsegula nthawi zonse. Ndinalimba mtima n'kupita. Chitsekocho chinalidi chotsegula, eni ake ali pakompyuta. Ndinaima panja, manja kumbuyo, n'kunena kuti "Odi" chapansipansi, poti sindinkadziwa kuti odi pa Chingerezi amati chiyani. Anadzutsa mutu, anandimwetulira, n'kupitiriza kulemba. Ndinadikira kuti anene kuti lowa, koma sananene. Mnzanga wina wa m'kalasi anandilambalala, n'kulowa osagogoda, n'kudzikhazika yekha pampando. Ndinachita manyazi m'malo mwake, ndipo ndinabwerera. Ndinapitakonso kangapo, kukaima pomwepo ngati mlonda. Ndikhulupirira mayiwo ankayesa kuti ndikudikira munthu wina.

Kunyumba kwa azakhali ku New Cross, ku Wolverhampton komweko, kumene ndinkakhala, tinkaonana mwa apo ndi apo. Ine ndikamanyamuka kukakwera sitima, iwo ankakhala akungofika kuchokera ku shifiti, maso ali psuu. Ana awo ndikawayankhula Chichewa ankandiyankha Chingerezi, maso ali pafoni. Tsiku lina ndinayesa kuwauza azakhaliwo kuti kusukulu sizikuyenda.

"Tadala, kuno aliyense akupanga struggle," anatero akuvula nsapato. "Ine ma extra shift onsewa ndikupangira iweyo. Uzingopanga push, wamva?"

Ndinati ndamva. Mapazi awo anali otupa, ndiye ndikanawonjezeranji?

Kwa mayi ndinkatumiza zithunzi nditavala chijekete chachikulu, ndikumwetulira pamalo okongola. Iwo ankayankha ndi mauthenga aataliatali othokoza Mulungu. Kusungulumwa kunkandidya, ndipo malo olirira ndinawapeza m'sitima, nkhope nditalozetsa kuwindo. Kumeneko munthu ukhoza kulira ulendo wonse popanda wokufunsa kuti chavuta n'chiyani.

Chaka chitatha ndinalephera mayeso. Anandipatsa mwayi wobwereza, ndinalepheranso, ndipo koleji inandichotsa. Chiphaso changa chokhalira m'dzikomo chinathera pomwepo. Azakhali sanakalipe. Anangondigulira tiketi ya ndege, n'kundidzazira sutikesi ndi zovala zoti ndikagawire abale, kuti ndisakafike chimanjamanja. Ndikanakonda akanangondikalipira.

Nditafika kuno ku Mchinji ndinapeza mayi atauza kale mpingo wonse kuti ndabwera ku holide. Anthu ankabwera kudzandiona, ena n'kumanditchula kuti "a ku UK", ngakhale amene ndinkasewera nawo fulaye. Nditawafotokozera mayi zoona zake sanadabwe, poti azakhali anali atawauza kale.

"Zimenezo zithere m'nyumba muno," anatero. "Mng'ono wako akulemba chaka chino. Anthu akamva kuti unakalephera, azakhali ako achita manyazi, ndiye Chisomo amutenga ndani?"

Sabata yatha ahedi a pasukulu yanga yakale anatumiza uthenga woti ndikalimbikitse ana a Folomu 4. Ndinafuna kukana, koma mayi anali atandisitira kale diresi. Ndinaima kutsogolo m'holo, atsikana atakhala chete m'mizere, manja ali pamiyendo. Chisomo anali pamzere woyamba, kope lili chitsegulire kuti alembe zimene mkulu wake anene. Aphunzitsi onse anakhala kumbuyo kwanga.

Ndinkafuna kuwauza anawo kuti aphunzire kufunsa, kutsutsa, ndi kulowa pamene sanaitanidwe. Mawuwo anali pakamwa penipeni. Koma ahedi anali atangomaliza kuwauza kuti ndine chitsanzo cha kumene kumvera kumamufikitsa munthu, ndipo maso awo ndinkawamva pamsana.

Ndinawauza kuti azimvera aphunzitsi, azikopera manotsi bwinobwino, ndipo asamadzionetse ngati odziwa kuposa akuluakulu. Holo yonse inaomba m'manja. Chisomo analemba zonse, osasiya ngakhale liwu limodzi.