Phala Limene Tinauzira Awiri

Linali Lachiwiri, dzuwa litafika pamutu, pamene asisitere a ku chipatala cha mishoni anachotsa kachitsulo kawo pachifuwa cha abambo anga n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anali ndi khanda, choncho amene anaperekeza abambo kuchokera kwathu ku Mpama ndinali ine, nditasenza madzi ndi chinangwa chootcha. Tinkapumira pafupifupi pa mtengo uliwonse.

Bambo wina wa malaya oyera ndiye ankamasulira.

"Akuti si chifuwa chachikulu chopatsirana chija. Ndi fumbi la m'migodi lakhazikika m'mapapo. Simungapatsire munthu. Koma sichidzachoka, mukhala nacho."

"Mpaka liti?" anafunsa abambo.

Bambo uja anayang'ana asisitere, asisitere anayang'ana pawindo.

Tinayamba ulendo wobwerera kwathu. Abambo anakhala ku Joni zaka zambiri akukumba pansi, ndipo anabwerako ndi jekete, bulangete ndi chifuwa chimenechi. Ndinkayenda pambuyo pawo ndikumva mpweya wawo ukulira ngati mphepo yopyola m'nsungwi.

Abambo anali mkamwini. Mudzi unali wa amayi ndi abale awo, ndipo mawu otsiriza pa ife ana anali a amalume. Makolo a abambo anachokera kudziko la Apwitikizi. Onse anali atamwalira, ndipo abale otsala anabalalikira m'minda ya tiyi. Madzulo ake amalume anabwera pakhomo n'kuima chapatali.

"Alamu, munthu wotsokomola chonchi sagona nyumba imodzi ndi khanda."

"Anati sichopatsirana," ndinatero ine.

"Iwe Chizungu unachimva liti?" anatero amalume, ndipo anthu anaseka.

Anawamangira kanyumba kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi nsungwi. Anawapatsa mbale yawoyawo ndi chikho chawochawo, chochekedwa kukamwa ndi mpeni kuti chisasokonekere ndi zina. Masiku amenewo amuna a pamudzi ankadyera pamodzi pansi pa mtengo wa mango, ndipo mwamuna wodya yekha anali ngati womwalira kale. Ntchito yanga inali yosiya chakudya pakhomo pawo, kunena kuti odi, n'kubwerera. Ndinkamva phokoso la amuna aja akuseka kumango, ndipo kumbuyo kwanga supuni imodzi ikugunda mbale.

Patapita masabata angapo amalume ananenanso china. Mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha khasu lake. Mvula ikadzagwa munda wa abambo usanakwezedwe mizere, adzawaperekeza kwawo kuti akadwalire pakati pa abale awo.

"Kwawo kuti?" anafunsa amayi.

"Munthu aliyense ali ndi kwawo."

Abambo anamva zimenezi, koma sanatuluke m'kanyumba muja. Akawerama mpweya unkawathera, ndiye anasiya kuwerama. Akayenda pang'ono mtima unkagunda, ndiye anasiya kuyenda. Khasu lawo linachita dzimbiri pansi pa tsindwi. Tsiku lina anandipatsa jekete lija atalitambasula bwino n'kulipindanso, nati ndikapatse amayi asunge, ndilo adzawaveke akadzamwalira. Ndinalinyamula ndikulira njira yonse. Mpaka nthawi imeneyo ndinkayesa kuti munthu wamkulu saopa kanthu.

M'mawa wina wa m'chilimwe, anthu onse atapita kuminda, ndinawatengera phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lochokera pamoto pomwepo. Ndinanena odi, koma sanayankhe. Nditasuzumira ndinawapeza atagwada, dzanja limodzi litagwira mtengo wa pakhomo, khasu lili pansi pambali pawo. Anali atayesa kulinyamula okha popanda wowaona. Kukamwa kunali yasa, mapewa akukwera ndi kutsika, maso atatuluka. Ankakoka mpweya mofulumira ndipo palibe chimene chinkalowa.

Ndinaitana amayi, ndinaitana amalume. Zinandiyankha ndi nkhuku zokha. Ndinafuna kuthamangira kumunda, koma dzanja lawo lina linagwira nsalu yanga osaisiya. Ndiye ndinakhala pansi pomwepo, mbale ili pamiyendo.

Sindinadziwe chochita. Ndinangochita zimene ndinkachita podyetsa mlongo wanga wamng'ono akamalira. Ndinatapa phala pa supuni, n'kulisendeza pakati pa nkhope yanga ndi yawo, n'kuyamba kuuzira pang'onopang'ono.

"Abambo, likutentha. Uzirani nane."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Kenako anasongola milomo n'kuuzira. Kanali kamphweya kochepa, kosagwedeza ngakhale nthunzi. Ine ndinauziranso, iwo n'kutsatira. Ulendo wotsatira unatalikirapo. Tinapitiriza choncho, ine patsogolo iwo pambuyo, mpaka mapewa awo anatsika ndipo kulira kwa m'chifuwa kuja kunachepa. Dzanja lawo linasiya nsalu yanga. Phala la pa supuni linali litauma pamwamba, koma tinkaliuzirabe.

Atakhala pansi bwinobwino analikhudza ndi chala.

"Esinati, phala lako lazizira ngati mphuno ya galu."

Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere ku chipatala. Anadya supuni imeneyo. Yachiwiri ndinadya ine. Anafuna kundilanda.

"Amalume ako akaona."

"Ndinamva ndekha zimene anamasulira bambo aja," ndinatero, ndipo anandisiya.

Titamaliza anayang'ana khasu lija.

"Mwanawe, sikuti ndi fumbi lokha limanditseka pakhosi," anatero. "Ndikaona mpweya ukuchepa ndimaopa. Ndikaopa ndimauthamangitsa, ndipo ndikauthamangitsa umathawa. Lero ndautulutsa kaye, wabwera wokha."

M'mawa mwake tinapita kumunda awiri. Ankalima pang'ono, n'kutsamira mpini wa khasu, n'kusongola milomo. Ine ndinkaima pambali ndikuuzira nawo. Odutsa m'njira ankaseka. Mayi wina anafunsa ngati tikukoleza moto wosaoneka. Abambo ankangokweza dzanja kuwapatsa moni, chifukwa mpweya woyankhira analibe. Masana tinkadya mbale imodzi pansi pa mtengo wa nandolo, ndipo amayi ankadziwa, chifukwa anayamba kuikamo chakudya cha anthu awiri.

Mvula yoyamba inagwa munda utangofika theka. Amalume anabwera kudzaona. Anapeza abambo atatsamira khasu, ine pambali pawo, ndi amayi atabereka khanda, khasu lawonso lili m'manja.

"Achimwene," anatero amayi, "mwana uyu wadya nawo mbale imodzi mwezi wathunthu. Mwamumvapo akutsokomola? Mizere yotsalayi ndikweza ndine. Bambo a ana anga sapita kulikonse."

Amalume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anaponda mzere umodzi ndi chidendene.

"Mizere yokhota," anatero, n'kumapita.

Nkhani yowaperekeza inathera pomwepo. Sabata imeneyo abambo anabwerera m'nyumba, ndipo kanyumba kaja tinkasungiramo nsungwi. Koma kumango sanawaitanenso. Mpaka tsiku lawo lotsiriza ankadyera pakhonde, nthawi zambiri ndi ine. Chifuwa sichinachoke, monga anatiuzira. Masiku a chiperoni ankavutika kwambiri, ndipo zaka zina sankatha kulima n'komwe. Komabe anakhala ndi moyo mpaka ananyamula mwana wanga woyamba. Jekete lija analivala okha pa ukwati wanga.

Tsopano ndine nkhalamba. Amuna anga anamwalira chaka chatha titangokolola, ndipo ana ali ku Limbe ndi kutali kwina. Mwezi wathawu ndinapita ku chipatala chifukwa cha befu wosatha. Anati ndi utsi wa pamoto wa zaka zonsezi wawononga mapapo. Anandipatsa mankhwala ochepetsa, koma mawu anali omwe aja: sichidzachoka. Ndinabwerera ndekha, popanda mwana woyenda pambuyo panga. Nditafika ndinatseka chitseko, ndipo kwa masiku angapo sindinapite ngakhale kudimba. Ndinatulutsa nsalu yanga yabwino m'sutikesi n'kuyamba kuipinda. Ndili mkati mopinda ndinakumbukira jekete lija, ndipo ndinaibwezera.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku lija ndinachiritsa abambo. Sindinawachiritse. Mantha awo sanathe, ankabwera nthawi iliyonse imene mpweya wachepa. Chimene anapeza ndi chochita mantha akabwera, ndiponso munthu wokhala nawo pansi. Ine wokhala naye ndilibe, koma chochitacho ndikuchidziwa.

Masiku ano ndimaphikira panja, kumene utsi umapita ndi mphepo. M'mawa uliwonse ndimatenga phala langa, n'kukhala pakhonde, n'kuliuzira pang'onopang'ono ngakhale litazizira kale. Ndikamaliza ndimatenga khasu n'kupita kudimba.