Basi Ikaima pa Luangwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadziona ngati wochenjera kuposa atate ndi amayi. Mpaka lero ndikakumbukira nzeru zanga za tsiku limenelo, mtima umandiwawa.

Tinkakhala ku Kabwata mu Lusaka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ine ndi atate basi. Atate anali telala, makina awo anali pakhonde la sitolo ina pafupi ndi City Market. Amayi anali atabwerera kwawo ku Katete zaka ziwiri m'mbuyomo, mlongo wanga Dalitso atamwalira. Dalitso anali ndi zaka zitatu zokha. Loweruka lina masana anatuluka pageti yekha, minibasi n'kumugunda pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba. Amayi ankachapa kuseri poganiza kuti mwana ali ndi atate, atate ankasita m'nyumba poganiza kuti mwana ali ndi amayi. Maliro atatha, m'nyumba mwathu munalibenso kuseka, munalibe ngakhale kukangana. Tsiku lina amayi anangomanga katundu wawo. Ankhoswe anayesa, akulu a mpingo anayesa, koma zinakanika. Chimene anagwirizana chinali chimodzi: ine nditsale ku Lusaka chifukwa cha sukulu, patchuthi ndizipita kwa amayi.

Aliyense amene anayendapo ulendo wa kum'mawa akudziwa kuti basi siidutsa pa Luangwa osaima. Mukatsetsereka mapiri aja, makutu atatseka, miyendo itachita dzanzi, dalaivala amakhotera pamsika wa pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Luangwa. Chitseko chikangotseguka, chimakulandirani ndi chifundizi komanso fungo la nsomba zowamba. Pamenepo pali chilichonse: nsomba zokazinga, masawu, malambe, mphasa, madengu ounjikidwa mpaka kudenga. Kondakitala amakuwa kuti mphindi makumi awiri, anthu n'kubalalika, ena kuchimbudzi, ena kukadya.

Malo amenewo ndiwo makolo anga anasankha kuti azipatsirana ine, poti ali pakati pa Lusaka ndi Katete. Atate ankagula matikiti awiri ofika ku Katete. Amayi ankalawirira ndi basi yochokera kwawo n'kutsikira pa Luangwa kutidikira. Basi yathu ikaima, atate ankatsika ulendo wawo wathera pomwepo, ndipo ponyamuka amayi ankakhala pampando womwewo, ukadali wofunda. Atate ankatsala kudikira basi yobwerera ku Lusaka. Tchuthi chikatha, amayi ankandibweretsanso pomwepo.

Choncho pachaka chonse ndinkaona makolo anga ali pamodzi kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse mphindi makumi awiri.

Tinali ndi benchi yathu, pachisakasa cha mayi wina wokazinga nsomba amene tinkamutchula kuti amake Joyi. Ine ndinkakhala pakati.

"Mwayenda bwanji, atate ake Nelia?" amayi ankayamba.

"Tayenda bwino, amake Nelia. Kaya mvula kumudzi?"

Nkhani zake zinali zomwezo: mvula, mbuzi, mayeso anga, ndani wamwalira ku mpingo. Koma ine ndinkayang'ana manja awo. Amayi ankachotsa minga pansomba, mnofu wa pamsana n'kukankhira mbali ya atate, maso ali kwina. Atate nawo sankabwera chimanjamanja. Kuwonjezera pa shuga ndi sopo, ulendo uliwonse ankatulutsa bulauzi yachitenje yosoka okha, popanda kuwayeza amayi.

"Ikakuthinani mubweze," ankatero.

"Inayamba yandithina liti?" amayi ankayankha, kakumwetulira kali pakona pa mlomo.

Zikafika potero, hutala ya basi inkalira. Ha, ndinkadana nayo hutala imeneyo! Amayi ankadzambatuka n'kukunkumula chitenje, atate n'kundisisita mutu, zonse n'kuthera pomwepo. M'mutu mwanga mwachibwanamo ndinapeza yankho: anthu awa amakondana, chowasokoneza ndi basi. Atapatsidwa nthawi yokwanira, nkhani ya mbuzi itatha, adzafika pa nkhani ya kubwerera ku Kabwata.

Tchuthi cha Disembala chaka chimenecho ndinanyamuka nditapangana ndi mtima wanga. Tikudutsa ku Chelstone, tikupitirira pamphambano ya ku bwalo la ndege, atate ankandionetsa ndege ikutera, ine ndinkangoti "eya, eya," maganizo ali pa Luangwa. Ndinali nditavala diresi yofiira imene anandisokera sabata yomweyo.

Tinapeza amayi atafika kale. Moni anaperekedwa, nsomba inabwera, bulauzi inatuluka m'pepala lake, yobiriwira ya maluwa achikasu. Nditaona kuti nthawi yayandikira, ndinanong'oneza atate kuti ndikupita kuchimbudzi. Ndinazungulira kuseri kwa zisakasa, ndinafika paogulitsa madengu, ndipo mwini wake atatembenukira kwa wogula, ndinakwawira pansi pa chidengu chachikulu chovundikira. Munkatentha ngati mu uvuni, munkanunkha mlaza wouma. Koma pamipata yake ndinkaiona bwinobwino benchi yathu.

Hutala inalira koyamba. Amayi anaimirira n'kumayang'ana kuchimbudzi. Inalira kachiwiri. Atate anathamangira komweko, anabwerako okha.

"Ba mudala, mwana ali kuti?" kondakitala, ali pakhomo la basi, anafunsa atate mokuwa. "Ise tiyenda, tayimu yasila, nthawi yatha!"

Atate anapempha, anapemphanso. Anthu a m'basi anayamba kung'ung'udza. Kenako kondakitala anatsitsa chikwama changa n'kuchiika pafumbi, chitseko chinatsekedwa, basi inapita. Ine pansi pa dengu ndinaseka chamumtima. Ndinati ndidikire pang'ono kuti basi ifike patali, isabwerere.

Kudikira kumeneko n'kumene kunandipweteka. Bambo wina wogulitsa masawu ananena kuti waona kamtsikana kovala zofiira kakutsetserekera kumtsinje. Kaya anaona mwana wa ndani, sindidziwa. Munthu wina anatchula ng'ona. Amayi anakuwa dzina langa ndi mawu amene ndinawamvapo kamodzi kokha, tsiku lija la Dalitso. Atate anataya jekete n'kuliyatsa liwiro kumtsinje, amuna ena akuwatsatira.

Ndinayenera kutuluka nthawi yomweyo. Ndikudziwa. Koma ndinkaopa kukwapulidwa pamaso pa msika wonse. Ndinangoti ndituluka pompano, ndituluka pompano.

Atate anabwerako thalauzi ili matope mpaka m'mawondo, akupukusa mutu. Amayi anawathamangira n'kuwagwira malaya pachifuwa.

"Anatsanzika kwa inu! Mwamulola bwanji apite yekha? Uja munamutaya, uyunso mwamutaya?"

Atate anali munthu wofatsa, wosakweza mawu ngakhale kwa kasitomala wovuta. Koma tsiku limenelo anachotsa manja a amayi pachifuwa pawo, nanena mawu amene msika wonse unamva.

"Ine? Anasiya geti losatseka ndani? Zaka ziwiri ndakhala chete. Mwana wanga munamupha ndinu."

Ndinkangomva mafuta akuthetheka m'chiwaya cha amake Joyi. Amayi anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kukhala pansi pafumbi, osalira.

Apa m'pamene ndinakankha dengu lija n'kutuluka.

Amayi anandimenya khofi limodzi, kenako anandikumbatira mpaka ndinasowa popumira. Atate sanandikhudze n'komwe. Anakhala pamwala, manja kunkhongo, mapewa akugwedezeka. Ndinali ndisanaonepo atate akulira, ngakhale pamaliro a Dalitso.

Nthawi imene ndinkaifuna ija ndinaipeza, yochuluka. Basi ina ya kum'mawa yokhala ndi malo inachedwa maola atatu. Tinakhala pabenchi yathu yomweyo, amayi kumapeto uku, atate kumapeto uko, ine pakati. Palibe amene anatsegula pakamwa. Nsomba inazizira, ntchentche n'kumaichitira phwando. Basi ziwiri za ku Lusaka zinaima n'kunyamuka, atate osakwera, poti sakanatisiya pamsewu. Amake Joyi anandiitanira kuchiwaya chawo n'kundipatsa madzi akumwa.

"Unabisaliranji, mwanawe?"

Ndinawauza zoona, ndikusisima. Anatembenuza nsomba yawo.

"Bala likamapola salikanda," anatero motsitsa. "Usawauze lero. Pita ukakhale nawo."

Basi itabwera, atate anakweza chikwama changa, anandigwira paphewa nati ndiyende bwino. Amayi anakwera osacheuka. Ndili pazenera ndinaona bulauzi yobiriwira ija itatsala pabenchi. Mphepo inaigwetsera pansi, atate anawerama kuitola.

Tchuthi chitatha, amayi sanakwere nane. Anandisiya m'manja mwa mayi wina wa mpingo amene ankapita ku Lusaka. Basi itaima pa Luangwa ndinatsika ndikuthamanga, poganiza kuti mwina atate alipo. Pabenchi yathu panali anthu ena, akudya chipisi. Atate ndinawapeza pasiteshoni ya mabasi ku Lusaka, atanyamula ambulera. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndekha, kondakitala atauzidwa kuti anditsitse pa Katete. Makolo anga sanaonanenso ndi maso.

Atate anamwalira patapita zaka zisanu ndi zinayi, ine ndili kukoleji. Amayi anabwera kumaliro ku Kabwata, anakhala pakati pa amayi anzawo ngati mlendo wamba. Titaika maliro, achibale anatsegula sutikesi ya atate kuti agawe zovala. Pansi penipeni panali pepala lapulasitiki, m'kati mwake bulauzi yobiriwira ya maluwa achikasu, yopindidwa bwino, mbali imodzi ili ndi fumbi lofiira. Azakhali ankafunsana kuti ndi ya kasitomala uti. Amayi anatambasula dzanja.

Titatsala awiri kuchipinda, ndinagwada n'kuwauza chimene ndinabisalira tsiku lija. Ndinali nditachisunga zaka zonsezo ngati mwala pachifuwa. Amayi anamvetsera bulauzi ili pamiyendo.

"Nelia, ukuganiza kuti sitinkadziwa kuti ukhoza kukwera basi wekha?" anandifunsa. "Ana ang'ono kuposa iwe ankangopatsidwa kwa kondakitala. Atate ako ankatseka makina tsiku lonse, ine ndinkasiya munda. Ukuti tinkavutikiranji?"



"Nthawi ya basi ija inali yotikwana," anapitiriza. "Inkakwana moni ndi nsomba imodzi. Tisanafike pa zowawa, hutala inkatilanditsa. Mwina zikanapitirira choncho, tsiku lina tikanapeza polowera. Mwinanso ayi. Mawu aja sunawaike ndiwe m'kamwa mwathu, analimo kale. Usadziimbe mlandu."

Kenako anaiyeza bulauzi ija pachifuwa, anakoka manja ake uku ndi uku.

"Ikanandikwana," anatero. "Munthu uja sankaphonya muyeso wanga."

Apo m'pamene analira, ndipo ndinalira nawo.

Amayi anandikhululukira, koma kunena zoona ine sindinadzikhululukire kwenikweni. Lero ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chelstone, ndipo basi za kum'mawa zimadutsa ndikuziona. Nthawi zina kuntchito amandituma ku Mfuwe, kum'mawa komweko, pa kandege kakang'ono. Anzanga amasangalala kuti ulendo watha msanga, ine ndimangosuzumira pansi kufunafuna mtsinje uja. Ndikamapita kukaona amayi ku Katete ndimakwera basi. Chisakasa cha amake Joyi chinachoka, pamalopo pali sitolo ya njerwa, koma fungo la nsomba ndi lomwe lija.

Ndili mwana ndinkayesa kuti pa Luangwa ndi pamene banja lathu linkalekanirana. Tsopano ndikudziwa kuti ndi pokhapo pamene linali litatsala. Anthu awiri osweka mtima anali atapeza kanthawi kamene akanatha kukhala pamodzi osapwetekana, ndipo ine, pofuna zambiri, ndinawalanda ngakhale kochepako. Ndinaphunzira mochedwa kuti si chilichonse chaching'ono chimene chimafuna kuwonjezera, ndi kuti mtima wa munthu wina suukokera kumene ukufuna iwe, ngakhale akhale amene anakubala.

Basi ikaima pa Luangwa ndimagula nsomba imodzi, ndimachotsa minga, ndimadya pang'onopang'ono. Hutala ikalira koyamba ndimaimirira, ndipo sindinachedwetsenso basi ngakhale tsiku limodzi.