Batani Lotuwa la Mwiza

Mwiza Kumwenda ndi mng'ono wanga, ndipo ntchito yake ndinkaiseka. Amakhala pakhonde pathu ku Kawale, laputopu pamiyendo, tsiku lonse akusintha mtundu wa kabatani kamodzi pa tsamba la pa intaneti. Ine ndibwere kuchokera kogulitsa kaunjika ku Chilinde miyendo itatupa, iye n'kumandifunsa ngati ngodya za batani zikhale zozungulira. Ati ntchito imeneyo.

Chaka chatha gulu lina lothandiza amayi omenyedwa m'banja linamupempha kuti alikonzere tsamba loti mayi akadina batani, uthenga uwafike. Mwiza amagwiritsa ntchito Bootstrap, chida chomwe chimabwera ndi mabatani okonzeratu: lobiriwira la zabwino, lofiira la ngozi. Anatenga lofiiralo, n'kulikulitsa, n'kulembapo kuti NDIKUMENYEDWA. Linkaoneka bwino, ndisaname.

Anakalionetsa kwa Agatha, mnansi wathu wa kuseri, amene kulira kwake tonse tinkakumva. Agatha anangoliona kamodzi n'kuvundikira foni ya Mwizayo pantchafu.

"Achemwali, kwathu foni ndi imodzi, imakhala m'thumba mwa abambo akunyumba," anatero Agatha. "Ndikabwereka amaima kumbuyo kwanga. Chofiira ichi angachione ali pakhomo."

Mwiza anachita manyazi. Ndinamumvera chisoni, poti zonse zomwe anaphunzira anazitsata bwinobwino. Anayambiranso. Pamwamba pa tsambalo anaikapo mitengo ya tomato ndi anyezi. Batani analichotsa kufiira, likhale lotuwa ngati phulusa, n'kulitsitsira pansi pomwe chala chachikulu chimakhala kale, kuti dzanja lisaoneke likusuntha. Kuwala komwe batani limachita ukalidina anakuzimitsa. Mawu anangolemba oti "Onani zambiri", koma mayi akalidina uthenga unkafikabe kugululo.

Akuluakulu a gululo anadandaula kuti tsambalo lanyasa, alendo akabwera adzawaonetsa chiyani. Koma abale, anthu enawa. Mwiza, munthu wosadziwa kukangana ngakhale ndi kondakitala, anakana kwamtuwagalu kusintha.

Lachitatu lina m'mawa, mwamuna wa Agatha atapita kuntchito, kunabwera amayi awiri ochokera kugululo. Agatha anatuluka nawo, mwana kumsana, chikwama kumutu. Sanatsanzike aliyense.

Mawa lake mwamunayo anafika pakhonde pathu, maso ali psu.

"Inu mumadziwa za makompyuta," anauza Mwiza, akumupatsa foni. "Tandionereni ngati mkazi wanga anaimbira munthu kapena kulembera wina."

Ine ndinachita mantha kwambiri. Mwiza anailandira ndi manja awiri. Tsamba lake linali likadali lotsegula. Anayendetsa chala pang'onopang'ono mpaka pansi, bamboyo atawerama paphewa pake, onse awiri akuyang'ana malo amodzimodziwo.

"Palibe chomwe ndikuona, abambo," anatero Mwiza, n'kuwabwezera foni yawo.