Bambo Anga M'kabokosi ka Matrikisi

Usiku wathawu ndinalota zinthu zomwe zandisowetsa mtendere, anzanga. Ndiyambe ndi kunena kuti ndikuphunzira masamu, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi pulogalamu ya pakompyuta. Ndili ndi matrikisi, lomwe ndi tebulo la timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse muli polinomiyo, chiwerengero chachitali cha zigawo zophatikizana, ma x okhaokha. Ndikaiuza pulogalamuyo kuti inditulutsire chimodzi, chimatuluka chikadali m'mabulaketi ake.

Ndiye m'malotomo ndinali pa laputopu yanga, koma sikirini inali yaikulu ngati khoma la tchalitchi. Timabokosi tija tinali tizipinda. M'kena munali munthu akusita, m'kena mwana akulira. Mumzere wachiwiri ndinaona bambo anga, omwe amakhala okha kumudzi ku Ntcheu chimwalirireni amayi. Anali pampando wawo wa ndalema, akumata chubu cha njinga.

Ndinalemba lamulo loti atuluke. Anatulukadi, koma ndi makoma omwe. Ndinayesanso, chimodzimodzi.

Kenako ndinapezeka ndili m'katimo. Ndinaona kuti bambo sanali okha. Pambali pawo panali chizindikiro chophatikiza, kenako mbuzi zawo, chophatikiza china, mtengo wa mapeyala, kenako a Zuze, anzawo osewera nawo bawo. Kumapeto kwenikweni kunali manda a amayi, osesedwa bwino. Sizinandidabwitse n'komwe.

"Ababa, tiyeni tizipita," ndinatero.

"Iwe Tadala, galimoto yakoyo ikwana zonsezi?"

Ndiye pulogalamu ija inayankhula ndi mawu a kondakitala wa minibasi, kundifunsa ngati itenge zonse kapena chigawo choyamba chokha. Kumbuyo kwanga kunali anthu pamzere, akuwiringula kuti ndikuchedwetsa. Ndinadina chigawo choyamba.

Basi tinali kunyumba kwanga ku Zomba. Bambo anali pasofa, atavala shati yoyera yomwe sindinaionepo, opepuka moti ndinawanyamula ndi dzanja limodzi kuti ndikonze khushoni. Sanadandaule. Ndinawapatsa tiyi, anathokoza ngati mlendo. Manja awo anali akumatabe chubu, koma chubucho panalibe.

Kenako anayang'ana pazenera n'kufunsa, "Kodi kuno mvula imachokera mbali iti?"

Nanenso ndinasuzumira pazenerapo. Pomwepo wina anamenya geti mwamphamvu, ndinadzidzimuka. Anali aneba, akufuna ndisunthe galimoto.

Mwina ndi kutopa chabe ndi sukulu. Koma Loweruka lino ine ndi achimwene tikupita kukawatenga bambo kuti azidzakhala nane, chifukwa shuga wawavuta ndipo anagwa kubafa popanda wowaona. Iwo anavomera, ngakhale anangoti, "Mwanena ndinu."

Inu odziwa kumasulira maloto, tandiuzani. Ndiwaimbire achimwene kuti tidikire kaye, kapena ndipite ndikawatenge?