Sindinadzuke, Mayi

Chithunzi chokha cha mayi anga chimene tinali nacho chinaola ndi chinyezi m'sutikesi, iwo atamwalira kale. Patapita zaka ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa: nkhope yawo inkandichoka m'mutu. Mawu awo ndinkawakumbukira, kayendedwe kawonso, koma ndikatsinzina kuti ndiwaone, pankhope pankangoti mbuu.

Kumaloto ankabwera ndithu. Nthawi zonse ankakhala m'munda wa tiyi kuesiteti kumene ankagwira ntchito, dengu lili kumsana, akuthyola masamba atandifulatira. Ine ndinkangowatsata pambuyo ngati kamwana ka mbuzi, osaganizako zowazungulira kuti ndiwaone kumaso. Ndikadzuka ndinkadzikwiyira tsiku lonse.

Ndinadandaulira mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene amaperekeza alendo okwera phiri ku Likhubula. Munthuyu nkhani iliyonse imene mlendo wagwetsa m'njira amatola. Anati munthu angathe kuzindikira ali m'tulo kuti akulota, ndipo akazindikira amachita zimene akufuna m'malotomo. Njira yake ndi kuzolowera kudziyesa masana: kuwerenga zala, poti kumaloto sizikwana bwino, kapena kutsina mphuno n'kuyesa kupuma. Chizolowezicho chikakulowerera chimakutsata mpaka kutulo. Ndinamuuza kuti mphepo ya m'phiri yamuzunguza mutu. M'mawa mwake ndinayamba.

Ine ndine telala, ndipo makina anga ali pakhonde la sitolo ina pa Chinakanaka, pamene aliyense wodutsa amakuona. Kuwerenga zala kunalibe vuto kwenikweni, anthu ankangoti ndikuyeza nsalu m'mutu. Mphuno ndi imene inandipalamulitsa. Tsiku lina mayi wina wogulitsa usipa anabwera ndi chitenje choti ndimupindire, ndipo atangoima pafupi ine ndinakumbukira ntchito yanga, n'kutsina mphuno. Anatenga chitenje chake, nandiuza mawu amene sindingawalembe pano. Mpaka lero amadutsira tsidya lina la msewu.

Eni sitoloyo, bambo achikulire achisilamu, anandifunsa ngati ndili bwinobwino. Ndinawafotokozera zonse ndikudikira kusekedwa, koma iwo sanaseke. Ndinawauzanso njira ina ya mlamu, yakuti uzidzuka chakum'mawa pang'ono kenaka n'kugonanso, chifukwa maloto a nthawi imeneyo ndi osavuta kuwagwira. Vuto linali alamu ya foni, imene inkadzutsa nyumba yonse ndipo mkazi wanga anali atatopa nayo. Bambowo anati ndikuvutikiranji ndi foni pamene kumzikiti amaitana mbandakucha uliwonse, ndipo mawuwo sasankha khutu. Kuyambira pamenepo ine, mwana wa kumishoni, ndinkadzutsidwa ndi mzikiti. Ndimawathokozabe bambo aja.

Komabe zinthu sizinayende. Masiku ena tulo tinkathawiratu, ndikungomvera atambala mpaka kuyera. Masiku ena ndinkagwa ngati chipika, osalota kanthu. Tsiku lina ndinalota ndikuwerenga zala pamakina, zinali zambirimbiri ngati phava la nthochi, ndipo ndinangoti zimachitika, n'kupitiriza kusoka. Nditadzuka ndinatsala pang'ono kulira ndi mkwiyo. Miyezi inapita choncho, ndipo ndinayamba kuvomereza kuti mayi ndawataya kachiwiri.

Amene anandithandiza ndi mkazi wanga, yemwe zonsezi ankaziona ngati zamasewera. M'mawa wina ndikutuluka ndi maso olemera anandipatsa moni wa masiku onse, ine n'kuyankha kuti ndadzuka bwino.

“Mwadzukadi inu?” anatero. “Mumangoyankha. Nkhopeyo ikadali pamphasa.”

Ndinaima ndi mswachi m'manja. Funso limene ndinkavutika kulikumbukira ndi zala ndi mphuno, anthu ankandifunsa okha m'mawa uliwonse, kuyambira pakhomo mpaka pamsika, ine n'kumayankha osaganiza. Ndinasiya zala. Aliyense akati mwadzuka bwanji, kapena akandibwezera kuti kaya inu, ndinkayamba ndaima kaye n'kudzifunsa moona mtima ngati ndadzukadi. Ndinkayang'ana phiri, ndinkayang'ana mapazi anga, ndiye n'kuyankha. Ena anayamba kunena kuti atelala akudwala koma akubisa.

Zinachitika m'mawa wina wa nyengo yozizira, kumzikiti ataitana ine n'kugonanso. Ndinali m'munda uja, mame ali m'miyendo, mayi ali patsogolo ndi dengu lawo. Ndinawapatsa moni monga mwana amachitira.

“Mwadzuka bwanji, mayi?”

“Ndadzuka, kaya iwe?” anayankha osatembenuka, manja ali pamasamba.

Chizolowezi chinandigwira pakamwa. Ndinaima kaye. Ndinayang'ana phiri, ndipo linali kumbali yolakwika. Ndinakumbukira kuti mayi tinawaika m'manda, ndipo ndinathira nawo dothi. Ndinadziwa kuti ndikatengeka ndidzuka, choncho ndinalankhula pang'onopang'ono.

“Ine sindinadzuke, mayi.”

Anasiya kuthyola. Anatembenuka ndi dengu lomwe, kuti aone mwana wopusa amene akuyankha moni motero, ndipo ankaseka. Ndinaona mpata wa pakati pa mano awo akutsogolo. Ndinaona timphini tiwiri pafupi ndi diso, timene anawatema ali mtsikana kwawo ku Mozambique, ndi mphumi imene inkachita makwinya mbali imodzi yokha. Sindinawafunse chilichonse. Ndinangowayang'ana mpaka munda unayamba kuzimiririka.

Sindinena kuti mzimu wawo unabwera, zimenezo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti nkhope ija sinatayike, inali mwa ine nthawi yonseyi, itangondifulatira. Kuyambira tsiku limenelo ndikatsinzina ndimaiona. Mlamu amati ndimugulire mbuzi yomuthokozera. Kuzindikira m'maloto kumandichitikirabe mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri ndimadzuka ndisanachite kanthu, koma sindidandaulanso.

M'mawa umenewo ndinatuluka panja ndi misozi, ndipo mkazi wanga anali akusesa. Anandiyang'ana, naimika tsache, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti ndadzuka bwanji. Ndinamuuza kuti ndadzuka bwino, ndiponso kuti apongozi ake adzuka bwino.